Kamsoti ka Pansi pa Dengu

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene tinabwerera kwathu ku Zóbuè, ku Mozambique, kuchokera ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Nyumba yathu tinaipeza itagwa, choncho tinafikira kwa azakhali, amene sanathawe. Ana awo ankanditchula "Mmalawi", ndipo ku shikola ankandiseka poti Chipwitikizi chinkandikanika.

Bambo anapita ku Moatize, ku migodi ya malasha, kukasaka ntchito. Atabwera kudzationa, anatulutsa m'katoni kamsoti koyera, nthenga zili mbuu ndi fumbi la malasha. "Aka ndi kako, Rozina," anatero. "Kakaikira, tiyambira pomwepo." Chibadwire ndinali ndisanakhalepo ndi chinthu changachanga.

Amayi anakavundikira ndi dengu pakati pa bwalo, n'kutsindira mwala pamwamba.

"Sabata yathunthu kakhale momwemo. Nkhuku za azakhali ako zizikaona kaye pa mipata, zikazolowere."

"Amayi, kalakwanji?"

"Usatsegule, wamva?"

Ndinamva, koma ine ndinali mwana wa nkhutukumve. Kamsotiko kankalira, n'kumazungulira m'dengumo, ndipo mtima unkandiwawa. Ndinkati ndi ndende. Tsiku lachiwiri m'mawa, amayi atapita kudimba, ndinachotsa mwala uja, ndinakatulutsa, ndinakawazira gaga pakati pa zinzake, n'kuthamangira ku shikola ndikudziona ngati mpulumutsi.

Masana ndinakapeza kunsi kwa nkhokwe, katazyolika. Pamutu panalibe nthenga, panali chilonda chofiira, ntchentche zili ng'waa. Ndisanakatole n'komwe, inabwera nkhuku ina n'kujomphanso pomwepo. Sanali tambala, kapena thadzi lalikulu ayi. Kanali kamsoti konyentchera ka azakhali, kamene tsiku lililonse zinzake zinkakapirikitsa pa chakudya.

Amayi sanandimenye, ndipo bola akanandimenya. Anangopaka phulusa pachilondapo, nati, "Nkhuku ikaona magazi sisiya." Kanafa mawa lake, osalawa ngakhale madzi. Bambo atabweranso anafunsa ali pakhomo pomwe, "Nanga nkhuku yathu yakula?" Ndinangoloza dengu. Sanandibweretserenso ina.

Chaka chotsatira m'kalasi mwathu munafika mtsikana wina wochedwa kubwerera, dzina lake Jasinta, wosadziwa kupereka moni m'Chipwitikizi. Amene anayamba kumuyeserera malankhulidwe ndi kumutchula "Mmalawi" ndinali ine. Anzanga anaseka mpaka misozi, ndipo kwa nthawi yoyamba sankaseka ine. Kunena zoona, ndinakondwa. Jasinta analekera shikola panjira mvula isanagwe.

Lero ndimaweta nkhuku kuseri kwa nyumba ku Moatize, ndipo yachilendo iliyonse imayamba yakhala m'dengu sabata yathunthu. Ndinazindikira mochedwa kuti dengu la amayi lija linali lokatchinjiriza. Koma ndikamatsindira mwalawo sindikumbukira kwenikweni kamsoti kanga koyera. Ndimakumbukira konyentchera kaja, ndipo ndimachita manyazi, chifukwa ndimakadziwa bwino.