Dzinja Limene Mbuzi Zathu Zinkanyambita Anthu ku Zobwe

Ndikakumbukira dzinja limene ndinakhala ku Zobwe, ndimayamba kuona mbuzi zathu zili kumbuyo kwa kamiyau, galimoto yaikulu ya anthu ogula mbatata, ubweya utada ndi fumbi la malasha, ine nditakhala pakati pazo nditagwira zingwe. Chinali chaka chimene anatisamutsa kumudzi kwathu, kufupi ndi Mithete, chifukwa pansi pa minda yathu panali malasha. Kumalo atsopano nyumba zinali zooneka bwino ndithu, koma panja panali miyala yokhayokha, ndipo mbuzi zinayamba kuonetsa nthiti. Abambo anaganiza zozitumiza kwa mlongo wawo, azakhali a Filomena, kumapiri kumene udzu suuma msanga, ndipo poti sikola inali itatsekera, ananditumiza limodzi nazo kuti ndikaziwete.

Kwa mwana wokulira m'chifundizi cha ku Moatize, Zobwe linali dziko lina. M'mawa nkhungu inkatsika mpaka pakhomo, utsi wa bulugamu unkanunkhira ngati mankhwala a chifuwa, ndipo paliponse panali msipu wofewa wofika m'mawondo. Azakhali anali munthu wokhulupirira kuti chinthu chowonda pakhomo chimanyozetsa mwini nyumba, kaya ndi mwana, galu kapena mlendo. Ataziona mbuzi zija anapukusa mutu ngati aona ana amasiye, ndipo kuyambira tsiku lomwelo zinkalandira madeya m'mawa ndi madzulo, kuphatikizapo makoko a mbatata ndi masamba a kabichi. Tonde wathu, amene tinamutcha Patarau, kutanthauza bwana, chifukwa ankayenda ngati mabwana a kumgodi, ankalowetsa mutu wonse m'beseni osautulutsa. Koma Sinyora, mkota wakale amene anabereka pafupifupi khola lonse, ankangonunkhiza madeyawo, kulawa pang'ono, n'kuchokapo kukabudula tsamba ili ndi ilo m'mpanda. Azakhali ankati mbuzi imeneyo ndi yamatama ngati mkazi wa ku Tete.

Pasanapite nthawi mbuzi zinanenepa, koma khalidwe linasokonekera. Zinayamba ndi kunyambita khoma la kapela, katchalitchi ka pamudzi, mpaka njereza yonse ya m'munsi inatha. Kenako ndinazipeza kudzala zikukukuta mafupa a ng'ombe ndi zigoba za nkhono. Zinadya sabau, sopo amene Rozita, msuweni wanga wamkulu, anamusiya pamwala akuchapa. Ine ndikachoka kosewera mpira wa zisanza zinkandizinga n'kumandinyambita miyendo, moti anzanga anayamba kundiitana kuti ndiwo za mbuzi. Azakhali, amene ankaimba kwaya ndipo sankafuna kumva za ufiti, makamaka masana, anawaza khola lonse ndi madzi odalitsa. Mbuzi zinathamangira kunyambita pamene madziwo anagwera, ndipo iwo anasangalala kuti zalapa, osakumbukira kuti m'madzi amenewo ansembe amathiramo kamchere.

Kulapako sikunakhalitse. Mayi wina woyandikana nawo, wa mpingo wina, ananena poyera kuti mbuzi yodya mafupa ndi fisi wovala chikopa cha mbuzi, ndipo kuti mtsogoleri wa zonsezi ndi mkota wowonda uja. Mawuwo anawapweteka azakhali, chifukwa masiku omwewo kunali kubwera ankhoswe kudzafunsira Rozita, ndipo palibe banja limene lingafune mkazi wochokera pakhomo pa afisi. Analamula kuti tsiku la zokambiranazo Sinyora adzakhale ndiwo za alendo. Ndinawadandaulira kuti nyama yake ndi yolimba ngati tayala, kuti Patarau ndiye wonona, koma sanamve. Chimene sindinathe kuwauza n'chakuti pa zonse zimene tinachoka nazo kumudzi wakale, Sinyora yekha ndiye ankandidziwa ndili wamng'ono ndikuyenda opanda kabudula, ndipo ndikagona pafupi naye ndinkamva fungo la kwathu.

Tsikulo abambo anafika pa shapa, minibasi ya m'mawa, poti monga atsibweni ake a Rozita ndiwo anali nkhoswe ya kuchikazi. Akuchimuna anatsogozedwa ndi a Zakariya, bambo wamfupi wadazi lowala, amene anakwera chitunda chonse atavala kazako, jekete lakuda, ngakhale dzuwa linali litatuluka. Pamene ankakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mapeyala, thukuta linali kuyenderera kuchokera padazi mpaka m'khosi. Sinyora anali atamangidwa kuseri kwa nyumba kudikira mpeni, koma chingwe chimene anamumangira chinali chogwiragwira anthu, chokoma thukuta, ndipo anachitafuna mpaka chinaduka.

A Zakariya anali pakati pa mawu aulemu, akufotokoza kuti mwana wawo waona duwa pakhomo pano, pamene Sinyora anatulukira kumbuyo kwawo mwakachetechete n'kuyamba kunyambita dazi lija, kuchokera kunkhongo kupita pamphumi, modekha ngati mayi akusambitsa khanda. Chimene chinatipha ndi chakuti bamboyo sanatembenuke. Anaona kuti nkhoswe siidukiza mawu chifukwa cha chiweto, choncho anapitiriza kuyamikira khalidwe la Rozita, mutu ukugwedera uku ndi uku motsatira lilime. Mbuzi zina zitaona kuti mtsogoleri wapeza zabwino, zinandipulumuka n'kukhamukira komweko, ndipo Patarau anagwira kolala ya kazako. Amayi amene ankaphika anagwa ndi phwete kuseri kwa nkhokwe, Rozita anayamba kulira m'nyumba, ndipo azakhali anatuluka ndi mthiko m'manja akuitanitsa mpeni.

Abambo sanaseke ndipo sanakalipe. Anayang'anitsitsa malilime aja kwa kanthawi, kenako anafunsa mlongo wawo ngati mbuzizo anazipatsako mchere chibwerere. Azakhali anaima, mthiko uli m'mwamba.

"Achimwene, mchere timathira mbuzi ikafa. Mukufuna ndiziithira ikuyenda?"

Abambo anavomera kuti nawonso sanaipatsepo mbuzi mchere moyo wawo wonse. Koma anakumbutsa azakhali za gombe loyera lija kumtsinje wa kwathu, kumene mbuzi zinkapita zokha dzuwa likapendeka, n'kumanyambita dothi mpaka kukumba timaenje tosalala. Zikachoka apo zinkatola nyemba za msangu, masamba a masau ndi minga yanthete, pang'ono apa pang'ono apo. Tonse tinkaona zimenezo tsiku lililonse, koma tinkangoti ndi masewera a mbuzi. Anatuma Rozita, misozi ili m'masaya, kuti abweretse mchere wodzaza dzanja, n'kuuthira pamwala. Mbuzi zonse zinawasiya a Zakariya nthawi yomweyo ngati sizinawaonepo.

A Zakariya anapukuta dazi ndi kansalu, nakonza kolala yonyowa ija, n'kunena kuti aimirapo maukwati ambiri koma sanalandiridwepo ndi khola lonse. Anapempha kuti mbuzi imene yawadzoza isaphedwe, chifukwa sangathe kudya mnzawo. Tsiku limenelo kunafa nkhuku, ndipo mbeta inaperekedwa.

Masiku otsala a dzinjalo ntchito yanga inasintha. Abambo anandisiyira chibuma cha dothi la pachulu losakaniza ndi mchere, phulusa ndi mafupa ootcha osinja, chimene tinachiika pakhomo pa khola. Ndinasiya kuzimangirira pamsipu wa kudambo, ndinkakwera nazo m'mbali mwa phiri momwe munali zitsamba zamitundumitundu, pobwerera n'kuzithyolera masamba a nandolo. Khoma la kapela analipakanso njereza ndipo inakhala, ndipo ine ndinabwezeredwa dzina langa. Patarau yekha ndiye azakhali anakana kumuchepetsera madeya, chifukwa anthu odutsa ankaima kumuyamikira. Ananenepa mpaka khosi linasowa, analeka kuthamangitsa zazikazi, ndipo katonde kena kowonda ka pamudzipo kanamulanda ntchito iye akuyang'ana. Pambuyo pake anayamba kuvutika pokodza, akulira ataima malo amodzi, ndipo anamupha msanga kuti akhale ndiwo za ukwati wa Rozita matenda asanamutenge. Pogawa nyama yake, yomwe inali mafuta okhaokha, abambo anangoti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Sinyora anabwerera nane kumalo atsopano ali wowonda monga kale. Anaberekanso mapasa, anaona ana a ana ake akugulitsidwa mmodzimmodzi, ndipo anakalamba mpaka mano a kutsogolo anatha, tikumamusinjira nyemba za msangu zimene amayi ankatola akapita kutali kukafuna nkhuni. Chaka china m'chilimwe anasowa. Abambo anamufunafuna m'midzi yonse yoyandikana, mpaka woyendetsa njinga yamoto wina anawauza kuti waona mbuzi yokalamba ikutsata msewu wa kumgodi. Anakamupeza ataima pampanda wa waya wa mgodi, akuyang'ana mulu waukulu wa dothi lakuda umene unali pamene kale panali mtsinje. Anamunyamula paphewa, ndipo sanakhalitse pambuyo pake.

Posamuka tinazula malata, zitseko ndi mitengo ya khola, ngakhale manda a agogo anasamutsidwa mwaulemu. Palibe mmodzi wa ife amene anaganiza kuti mudzi ulinso ndi zinthu zimene zimadyetsa popanda wozilima, kagombe koyera ndi mitengo ingapo yaminga, zimene zinkasunga ziweto zathu ife tikudzitama kuti ndife odziwa kuweta. Lero ndimakhala m'tauni ya Moatize, kumene munthu ungadye buledi ndi zotsekemera tsiku lonse, mimba n'kudzaza, pakamwa n'kumafunabe kanthu kena kosadziwika dzina. Zikatero sindiwonjezera mbale. Ndimayamba ndadzifunsa chimene chikusowa, chifukwa ndinaona ndi maso anga khola lonse lokhuta likufa ndi njala.