Anausiya Yekha Mpando

Abale anga, sabata ino pakamwa pandiputira nkhani, ndipo mpaka lero mtima suli m'malo. Maina onse muno ndasintha, mumvetsa chifukwa chake.

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi tinakwera sitima kupita ku Oshawa, tauni yapafupi ndi kuno ku Toronto, kukacheza kwa a Mbewe. Mukudziwa kuti chaka chino anzathu a ku Amereka akukondwerera zaka mazana awiri za ufulu wawo, ndiye tivi yawo yangoti kakaka pa munthu mmodzi: mkulu wa asilikali uja anathira nkhondo Angerezi, n'kudzakhala pulezidenti wawo woyamba.

Anationetsa zonse. Asilikali ake akuyenda m'chisanu opanda nsapato. Munda wake waukulu umene ankalimitsa akapolo, anthu akuda ngati ife tomwe, ndipo apa mayi Mbewe anatsonya. Kenako wofotokozayo anati mkuluyo atalamula zaka zisanu ndi zitatu anakana kupitiriza, nalongedza katundu kubwerera kumunda kwake.

Ine, kapu ya tiyi ili m'manja, ndinangomva mawu atatuluka kale: "Koma abale, munthu kuusiya yekha mpando, akadali moyo?"



Bambo Mbewe anadzuka kukakweza tivi. Mayi Mbewe anakumbukira mwadzidzidzi kuti asiya kanthu pa sitovu. Enafe maso anathamangira pakona pamene panakhala a Mwale, amene afika mwezi wathawu kudzaphunzira pa yunivesite, otumizidwa ndi boma. Palibe amene akuwadziwa bwino. Iwo anamwetulira pang'ono n'kuweramitsa mutu.

Kumwetulira kumeneko ndayenda nako sabata yonse. Ndili ndi mlongo wanga Yohane ku Dedza, mphunzitsi wa pulayimale, ana asanu. Kalata imodzi yochokera kuno, yoti namwino uja wa ku Toronto wayamba kuyankhula za mipando, ikhoza kukamutulutsa m'kalasi choko chili m'manja. Iye tivi sanaioneko n'komwe. Lolemba kuchipatala ndinayeza wodwala mmodzi kawiri, mpaka anandifunsa ngati wodwalayo si ineyo.

Nanga ndinalakwa chiyani? Ndinadabwa ndi mzungu amene anafa kalekale, basi. Sindinatchule dziko, sindinatchule munthu. Komatu tonse m'chipinda muja tinamva zimene sindinatchulezo.

Kodi tasanduka anthu otani? Tinakwera ndege masiku awiri, koma mantha tinawapinda bwinobwino m'sutikesi pamodzi ndi zitenje. Mu sabuwei, sitima yapansi panthaka, timanong'ona Chichewa pakati pa azungu osadziwa ndi "moni" yemwe. M'makalata opita kwathu timangolemba za kuzizira. Wakwathu akafika, tisanamufunse ngati ali ndi jekete, timayamba tafunsana kukhitchini kuti wamutuma ndani. Ine ndemwe ndazichitapo, sindikana.

Lachinayi madzulo ndikutuluka shifiti ndinapeza a Mwale akundidikirira pageti la chipatala. Ananditengera pambali, chipewa chili m'manja, maso akuponya uku ndi uku.

"Mayi, ndapota nanu," anatero. "Kumwetulira kuja sindinachitire dala. Ndili ndi mkazi ndi ana ku Zomba. Chonde musalembe."

Bambo wamkuluyo masiku anayi onsewo ankaganiza kuti ine ndinatumidwa kutchera msampha, kuti ndione amene aseke.

Ndinawalumbirira kuti sindine wotero, ndinawauzanso za Yohane. Anathokoza, tinagwirana chanza. Koma ndikuuzeni chilungamo: akuwoloka msewu kukakwera basi, ndinayamba kudzitukwana kuti ndawapatsiranji dzina la mlongo wanga ndi boma lomwe akukhala. Nawonso atafika tsidya lija anacheuka kawiri, ndipo sikunali kutsazika.

Tsopano inu amene mwawerenga mpaka pano, ndipo mwandizindikira ngakhale ndabisa dzina: Lamlungu likubwerali m'tchalitchi, mudzakhala pa benchi langa?