Mpando umene unawotcha apongozi

Loweruka lapitali ndinanyamula keke ya ukwati pamiyendo kuchokera ku Chiringa mpaka pa boma la Phalombe, ndipo ndinafika nayo yosaphwanyika ngakhale pang'ono. Ndikanayenera kunyada. Koma mpaka lero mtima wanga sunakhale pansi, chifukwa pamene ine ndinkalera keke ija ngati khanda, munthu ankapsa patsogolo panga penipeni.

Inde, kupsa. Osati ndi moto wa nkhuni ayi. Ndi mpando wa galimoto.

Ndiyambe ndi mwini galimoto, mnzanga amene tingomutcha a Namate. Iwowa ndi a nandolo: amagula m'midzi ya kuno n'kukagulitsa ku Limbe, ndipo zinthu zawayendera. Chaka chatha anagula galimoto yakaunjika, zija zikubwera kudzera ku Durban masiku ano, yoyera mbee. Ine ndine mphunzitsi, kwathu ndi ku Ntcheu, boma linandiponya kuno zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ndipo choyendera changa ndi njinga yakapalasa. Ndiye mukudziwa, mnzako akakhala ndi galimoto umamukonda kwambiri.

Mwezi wa Juni a Namate anakwera galimoto ya bwana wina amene amawagula nandolo. Anabwerako maso ali mwaa.

"Aphunzitsi, dziko lapita patali," anandiuza. "Kunja kukuzizira, koma mpando ukukufunditsa wokha. Ngati wakhalira mbaula yaulemu."

Ine ndinaseka. Ndinati, "Inu, ku Phalombe kuno? Kumene mu Okotobala nkhuku zimayenda zitayasama?"

Sanandimvere. Analembera msuweni wawo wa ku Joni, ndipo pasanathe mwezi kunabwera timikeka tiwiri topyapyala, todzaza ndi timawaya. Anapita nato kwa munthu wina wokonza magetsi a galimoto pansi pa mtengo wa mango ku Limbe. Mkuluyo anasolola nsalu za mipando iwiri yakutsogolo, n'kuyala timikekato mkati, n'kusokanso bwinobwino, n'kuika kabatani pambali pa mpando uliwonse.

Zotsatirazi tazidziwa pambuyo pake. M'phukusi muja munalinso kabokosi kakuda, kamene ntchito yake ndi kudula moto mpando ukafunda mokwanira. Mano ake anakana kulowa pamene mkuluyo ankafuna, ndiye anangoti, "Aka n'kamanyado chabe, bwana," n'kukaponya m'chitini cha mabawuti. Atayesa, fyuzi inapsa. Anaika ina, inapsanso. Kachitatu anangopota timawaya n'kutsekapo, monga amachitira ambiri. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

A Namate ankadziwa kuti mpando wawo ukayaka kwa kanthawi umayamba kuluma. Ankangozimitsa, n'kumati, "Ndi wamphamvu umenewu, wa ku Joni weniweni."

Tsopano ndikuuzeni za mayi Elube, apongozi awo a Namate, mayi wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, wochepa thupi, wa ku Chiringa. Ukwati wa Loweruka unali wa mdzukulu wawo Malita. Mayi ake a Malita anatisiya mtsikanayu akukwawa, ndipo amene anamulera ndi ganyu ndi chinangwa mpaka kumaliza sukulu ndi mayi Elube. Chaka chonse chino akhala akuuza aliyense kuti tsiku limeneli nthungululu yoyamba idzakhala yawo, ndipo adzavina mpaka miyendo idzawakane. Anasoketsa diresi latsopano lonyezimira, lija la nsalu yoterera ngati pulasitiki. Sanafune china chilichonse padziko pano koma kumuona Malita atavala zoyera.

Tinafika kwawo m'mawa, chiperoni chili waa, phiri la Michesi litabisala m'nkhungu. Akazi awo a Namate anali atanyamuka kale pa lole pamodzi ndi amayi ophika. Kumbuyo kwa galimoto kunali ine, keke, ndi makireti a zakumwa. Mayi Elube atatsegula chitseko chakumbuyo kuti adzipanikize pambali panga, a Namate anandikodola.

"Aphunzitsi, auzeni mayi akhale kutsogolo. Kumeneko ndiye kofunda."

Mwaona? Sanawauze okha. Kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi salankhulana maso ndi maso. Akakumana panjira wina amapatuka. Mawu amadzera mwa munthu wina, makamaka mkazi wa mkamwiniyo. Mayi Elube anakana kawiri, kachitatu analowa chifukwa kukaniratu kukanakhala mwano. Anakhala chammbali, nkhope kuwindo, msana kwa mkamwini, chitenje atafunda mpaka kumutu.

A Namate anatambasula dzanja mwaulemu, n'kudina kabatani ka mpando wa apongozi. Anadinanso kawo. Anaika kaseti ya kwaya, tinanyamuka.

Msewu umenewu mukuudziwa. Maso anga onse anali pa keke. Komabe ndinaona zinthu, ndipo zimenezi ndi zimene zikundisowetsa mtendere. Ndinaona a Namate akuzimitsa mpando wawo tisanapite patali. Ndinaona mayi Elube akugwira chogwirira chija cha pamwamba pa chitseko ndi manja onse awiri, akudzikweza, n'kubwereranso. Ndinati ndi mabampu. Ndinaona thukuta likutsika kuseri kwa khutu lawo, kunja kukuzizira chonchija. Ndinati ndi chitenje. Ndinawamva akunong'ona m'Chilomwe, chimene zaka zonsezi sindinaphunzire, ndipo ndinati akupempherera ukwati.

Titayandikira pa Migowi ndinamva fungo ngati la lamba wopserera. Ndinatsegula pakamwa, kenaka ndinatseka. Munthu wakukweza ulele, ungamuuze kuti galimoto yake ikununkha? Ndinadziuza kuti ndi osaka mbewa atentha tchire.

A Namate nawonso china chake chinawagunda mumtima. Anatsitsa kaseti.

"Aphunzitsi, tafunsani mayi ngati ali bwino."

"Mayi, akuti muli bwino?"

"Tili bwino ife, bambo. Zikomo kwambiri."

Kaseti inakweranso.

Titafika patchalitchi, amayi anathamangira galimoto akuimba. Akazi awo a Namate anatsegula chitseko akuseka, "Amayi, tsikani, mwafika ngati a bwanamkubwa!" Mayi Elube sanasunthe. Anamukoka mwana wawoyo pakhosi n'kumunong'oneza. Ndinaona nkhope ya akazi a Namate ikusintha. Anakuwa, "Mayo ine! Abambo nonse chokanipo! Chokani!"

Amayi anazinga galimoto ndi zitenje. Ife amuna tinaima patali ngati ana opalamula, ine keke idakali m'manja. Chimene tinamva n'chakuti diresi lonyezimira lija linali litamatirira pakhungu. Kuyambira m'chiuno mpaka kuntchafu kunali matuza, ena ataphulika kale. Pampando panali banga lakuda ngati pamene pakhala ayironi.

A Namate anakhala pansi, pafumbi, ndi suti yawo. Ankangobwereza mawu amodzi. "Bwanji sananene? Aphunzitsi, bwanji sananene?"

Funso limeneli ndalinyamula sabata yonse, ndipo ndikufuna ndikusenzeni nanunso.

Akananena kwa yani? Mwana wawo anali pa lole. M'galimoto munali amuna awiri: wina mkamwini, wina mlendo wa ku Ntcheu. Ndipo chimene chinkapsa si chala ayi. Kodi mayi wa zaka zimenezo angatchule malo okhalira pamaso pa mkamwini wake? Mwana wawo ataloledwa kuwaona kuchipatala, mayi Elube anamuuza kuti poyamba ankayesa kuti galimoto za anthu olemera zimakhala choncho, popeza moyo wawo wonse akwera malole ndi njinga. Atazindikira kuti akupsa, anawerengera kuti pa boma sipatali, apirira. Akulu anati manyazi adapha Lambe. Ine ndinkayesa mwambi chabe, mpaka ndinauona utakhala pampando wakutsogolo.

Musandimve molakwa. Sindikunyoza mwambo wa kupewana. Mwambo umenewu wasunga mtendere m'mabanja ambiri kuno, ndipo ndikudziwa nyumba zina za m'tauni zimene zikanaupeza zikanapuma. Koma mwambowu uli ndi khomo lake, ndiye munthu wapakati. Ife tinatenga mayi uja, n'kumutsekera m'chitsulo chothamanga, n'kumuyatsira moto umene sakudziwa pozimitsira, khomo lija titalitumiza pa lole.

Ndipo musamuloze chala yekha wokonza magetsi uja, ngakhale ndikanakumana naye lero sindikudziwa chimene ndikanamuchita. Fyuzi ija inalankhula kawiri. Inati pano pali vuto. Iye anaitseka pakamwa ndi waya. Kodi si mmene timachitira tonse? Chinthu chikamatichenjeza timati chikuvuta.

Nanga ine? Ndili ndi mphuno, ndili ndi maso, ndimaphunzitsa ana a eni sayansi. Ndinasunga ulemu wa galimoto, ndinasunga keke, munthu n'kumapsa.

Chibwerereni matipate timadzitama kuti pakamwa panatseguka. N'zoona. Pamsonkhano timakuwa, pa wailesi timaimba foni n'kutukwana nduna. Koma taonani pamene munthu watichitira chabwino. Pamenepo pakamwa pamabwerera mwakale. Ndinaonapo mudzi wina akuukumbira mjigo pafupi ndi manda, pamalo pamene mayi aliyense ankadziwa kuti sadzatungapo. Tsiku lotsegulira anavina, anaomba m'manja, anapereka nkhuku. Lero pamjigopo pamera udzu, amayi akutungabe kudambo. Tsiku lija alendo amene anakumba mjigowo anafunsa, "Mwakondwa?" Mudzi wonse unati, "Takondwa, zikomo kwambiri."

Tili bwino ife, bambo.

Nawonso opatsa ali ndi mlandu wawo. Timakonda kupatsa anthu chimene chatisangalatsa ifeyo. Mayi Elube sanadandaulepo za kuzizira. Akhala akudzuka m'chiperoni chomwechi kupita kumunda chibadwire, ndi chitenje chimodzi. Amene ankafuna mpando wofunda ndi a Namate, ndipo ankafunanso kuti apongozi akafika akasimbe. Kenaka timafunsa funso limene yankho lake ndi limodzi lokha. Kodi munthu amene wamukhazika pamalo aulemu, n'kumufunsa kudzera mwa mlendo ngati ali bwino, ukuyembekeza kuti anene chiyani?

Ukwati unachitika, popeza ukwati suima. Mayi Elube anawatengera kuchipatala pa lole ija ya ophika, atawagoneka chafufumimba pamatumba. Malita analowa m'tchalitchi akulira, ndipo anthu akutali ankayesa misozi ya mkwatibwi. Nthungululu yoyamba anaimba mayi wina woyandikana nawo nyumba. Madzulo Malita anathamangira kuchipatala, koma anali atavula kale zoyera zija chifukwa zinali zobwereka ndipo mwini wake ankabwerera ku Blantyre. Agogo ake sanamuone atavala.

Lachitatu ndinaperekeza a Namate kukazonda. Mawaya aja anali atawazula ndi manja awo, zala zili mabalamabala. Anamwino anati khungu la munthu wamkulu limachedwa kupola, akhala masabata angapo asanakhale pansi. A Namate sanalowe. Anaima pakhomo la wodi, chipewa m'manja, akazi awo ali pakati monga mwa mwambo.

"Uwauze mayi kuti ndalakwa," anatero. "Uwauze kuti ndinkafuna kuwalemekeza."

Mayi Elube anali chigonere chafufumimba, nkhope atalozetsa kukhoma. Kenaka analankhula motsitsa, kwa mwana wawo.

"Uwauze bambo asadandaule. Galimoto yawo ndi yabwino, inatifikitsa msanga." Anaonjeza kuti, "Koma undifunsireko kwa aphunzitsiwo, popeza iwo anaona. Malita anaoneka bwanji?"

Ndinati anaoneka bwino, mayi. Ndinati anaoneka bwino kwambiri.

Awerengi, tayang'anani pambali panu. Ndani amene mwamukhazika pampando waulemu, akukuuzani kuti ali bwino, manja onse awiri atagwira chogwirira?