Loboti Yathu Sinafike ku Boma

Chaka cha 2024 ndinali ndi zaka 74. Ndinali wapampando wa komiti ya makolo pa sekondale yoyendera ya kwathu kuno, ngakhale ineyo ndinalekeza Sitandade 6.

Sukuluyo inalandira bokosi la zipangizo zopangira loboti, kangolo koyenda kokha kotsata mzere wakuda pansi. Mpikisano wake unali wa ku boma. Ana ofuna kulowa anachuluka kuposa mabenchi, ndipo aliyense ankalimbirana kompyuta. Mphunzitsi wa sayansi, mayi wachitsikana, anandipempha kuti ndimuthandize kuwagawa.

Ndinawagawa monga tinkagawira madzi ku sikimu ya mpunga: aliyense ngalande yake, ya mnzako osakhudza. A ku Mua, mawilo ndi thupi. A ku Mtakataka, kompyuta. Opalasa njinga kuchokera njira ya ku Golomoti, mawaya ndi timaso toonera mzere. Ana a dera limodzi amayendera limodzi, nkhani ya ntchito amamalizira panjira.

"Agogo, nanga wina akadwala?" anafunsa mdzukulu wanga wamkazi, wa gulu la mawilo.

"Amadwala ndi munthu, osati dera lonse."

Phokoso linatha, ntchito inayenda.

Sabata ya mpikisano kunagwa mvula yamphamvu, mtsinje unasefukira, a ku Golomoti sanawoloke. Mawa lake kunali kunyamuka. Loboti inali pathebulo, mawaya ali lendelende.

"Agogo, ine ndinkawaonerera," anatero mdzukuluyo. "Wofiira apa, wakuda apa."

"Si ngalande yako."

"Ndiye tikaonetse ngolo yakhungu ku boma? Kapena muikoka ndi chingwe inuyo ngati mbuzi?"

Anzake anaseka. Mphunzitsi anali atakwera njinga kukaona ngati madzi akuphwa. Ine sindinavomere, sindinakanenso. Ndinatuluka kukayang'ana mitambo.

Fungo la pulasitiki wopsa linandipeza pakhonde. Nditalowa, ndinapeza mawaya atalumikizidwa, mdzukulu wanga atagwira pakamwa.

Ku boma sitinapite. Chaka chotsatira mphunzitsi anasakaniza ana a madera onse m'gulu lililonse, osandifunsa. Ndi sukulu yake. Ine ndimanenabe kuti magawidwe anga analibe vuto. Sabata zonse zija palibe anakangana.

Madzi aja ataphwa, a ku Golomoti anawoloka, anatsegula lobotiyo n'kuwerenga zopsa: timaso tiwiri, mota imodzi ndi batire. Ine ndikawerenga ndimaonjezapo mwana mmodzi, chifukwa mdzukulu wanga sanabwererenso ku gululo.