Chala cha Jowakina

Ndikukumbukira chaka chimene sikola ya m'mudzi mwathu, kufupi ndi Mualadzi, idatsekedwa. Ndidali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Nkhondo idali itafika kwathu, ndipo mbiri inkamveka yakuti anthu a mfuti akalowa m'mudzi amayamba afunsa za mphunzitsi, amene kwathu timati pulofesoro. Akamupeza ankapita naye, ndipo sitidamvepo kuti wina wabwerako. Pulofesoro wa m'mudzi mwathu adali atate anga.

Amayi ndiwo adagwira ntchito yowasandutsa mlimi. Mabuku adawakulunga m'kapulana, chitenje cha kwathu, n'kuwakwirira pansi pa nkhokwe, magalasi a m'maso adawabisa m'mphika wosweka, kenako adapatsa atate khasu. Manja a atate adali osalala ngati a khanda, ndipo amayi adati manja otere angawaulule ngakhale pakamwa atatseka. Atate adalima mpaka matuza adaphulika, zikhatho n'kuuma gwa. Koma kalimidwe kawo, ndinene zoona, kadali kochititsa manyazi. Mizere yawo inkakhotakhota moti anthu odutsa ankaima n'kumafunsa ngati walimayo adali atalawa kachasu.

Khasu lidasintha manja, koma pakamwa lidalephera. Popeza zolembera zonse zidali pansi pa nthaka, atate adayamba kutiphunzitsa ndi nthano. Nthawi yokolola, ife ana tikamatonola chimanga pansi pa mtengo wa mango, iwo ankakhala pa mtondo wogoneka n'kufuula kuti, "Padangokhala!" Ife tonse, "Tili tonse!" Apo dzuwa lili pamutu. Amayi ankadandaula kuti wonena nthano masana amamera nyanga. Atate ankadzisisita pamphumi n'kuyankha kuti sizinayambe kutuluka. Nthawi ina ya nthano padalibe, chifukwa dzuwa likapendeka banja lililonse linkalowera kwake kukabisala kutchire.

Nthano zawo ankapeka okha, ndipo zonse zinkathera pa ulemu. Padali ya mnyamata amene adatchula amalume ake dzina, mano onse n'kuguluka kutsala limodzi lokha. Koma imene tinkaikonda kwambiri idali ya mtsikana amene adaloza nkhalamba ndi chala panjira. Chalacho chidatupa, chidachita khungu lokhakhala, mpaka chidasanduka chinangwa. Kuyambira pamenepo mbuzi zinkamutsatira kulikonse, kumtsinje, kumaliro, ngakhale m'tchalitchi pa nthawi ya Misa. Akafika apa atate ankalira ngati mbuzi, ife n'kumagubuduka pa zitsononkho ndi phwete. Ife okulirapo tinkadziwa kuti n'zopeka. Koma mng'ono wanga Jowakina, wa zaka zinayi, ankakhulupirira liwu lililonse, moti m'mawa akadzuka ankayamba wayendera zala zake chimodzichimodzi.

Jowakina yemweyo ndiye ankatisowetsa mtendere, chifukwa pakamwa pake padalibe chitseko. Mlendo aliyense ankamuuza monyada kuti atate ake amawerenga Chipwitikizi. Amayi adamukalipira, adamutsina, koma mwana wa zaka zinayi ungamuuze bwanji kuti chimene akunyadiracho chingaphetse atate ake?

Tsiku lina m'nyengo yozizira, dzuwa litangokwera, anthu a mfuti aja adatipeza pabwalo. Fungo lawo ndimalimvabe mpaka lero, la thukuta lakale, utsi ndi mafuta a mfuti. Amuna onse a m'mudzi adawakhazika pamzere pafupi ndi nkhokwe yathu, pomwe padali mabuku paja. Atate adali achinayi pamzerepo, atavala malaya ong'ambika, mutu uli pansi. Mtsogoleri wa gululo, munthu wamtali wa chipsera pachibwano, adati wamva kuti m'mudzi muno muli pulofesoro. Onse adakana. Iye adaseka n'kunena kuti akuluakulu amanama koma ana sanama. Adatiyang'ana ife ana n'kukodola wamng'ono pa tonsefe. Amayi adandifinya dzanja mpaka zikhadabo zidalowa m'khungu.

Jowakina adapita, adagwada monga adaphunzitsidwira, maso ali pansi. Munthuyo adatulutsa bolasha m'thumba, kabisiketi kotsekemera kamene tidali tisadalawe chaka chonse. Mwanayo adakalandira ndi manja awiri.

"Iwe mwana, pulofesoro ukumudziwa?" adafunsa munthuyo.

"Ndikuwadziwa, bambo," adayankha Jowakina. Ndidamva amayi akubuula chapansipansi.

"Ndilozere."

Jowakina adabisa dzanja m'khwapa. "Iyayi, bambo. Akuluakulu salozedwa. Chala chingasanduke chinangwa, mbuzi zinganditsate."

Anzake a munthuyo adaphulika kuseka. Iye sadaseke. "Basi, tchula dzina lake."

"Mano angaguluke, bambo. Nanga bolasha ndidya bwanji?"

Apa munthu uja adapsa mtima. Adamukokera kutsogolo kwa mzere n'kuyamba kuloza yekha amuna aja mmodzimmodzi, akufunsa kuti, "Uyu? Uyu?" Ankayang'anitsitsa nkhope ya mwanayo kuti aone pamene maso angagwere. Koma maso a Jowakina sadali pa amunawo, adali pa chala cha munthuyo. Chalacho chitafika pa wachitatu, amene adayandikana ndi atate, mwanayo adalephera kupirira. Adaika bolasha pansi, adachigwira chala chija ndi timanja take tonse n'kuchipinda.

"Musatero, bambo," adatero mwachisoni. "Onani, chayamba kale kutupa."

Ndinkamva nkhuku ikupalasa m'makoko a chimanga. Chalacho chidalidi chachikulu, chokhakhala, chotuwa ndi fumbi. Munthuyo adachiyang'ana, kenako adayang'ana mwanayo nthawi yaitali. Atalankhula, mawu adali atatsika. "Kwathunso amayi ankatiletsa kuloza," adatero, ngati akudziuza yekha. Sadafunsenso kanthu. Adalamula anzake kusenza matumba a chimanga ndi kumasula mbuzi zathu ziwiri, basi adalowera kutchire. Jowakina ataona mbuzi zikuyenda pambuyo pa munthuyo adagwedeza mutu n'kunena kuti, "Ndidawauza ine."

Palibe amene adali ndi mphamvu zoseka. Atate adamukokera mwanayo pachifuwa, misozi ikutsikira m'ndevu, ndipo aka kadali koyamba kuwaona akulira. Jowakina sadamvetse chimene chawaliza. Adatola bolasha yake, adaipukuta, adanyema pakati n'kuwapatsa ndi manja awiri. Sabata yomweyo tidanyamuka wapansi kudzera cha ku Cassacatiza kukakhala ku Zambia. Nkhondo itatha tidabwerera n'kupeza mabuku aja chiswe chitamaliza, koma atate adabwerera ku sikola n'kuphunzitsa mpaka mutu udayera mbuu.

Masiku ano zinthu zidasintha. Adzukulu anga amaloza aliyense, amatchula amalume awo dzina maso ali pa telefoni, ndipo ukawauza za chinangwa amafunsa kuti chidali chotsekemera kapena chowawa. Sindiwada ayi. Akukula osadziwa fungo la mafuta a mfuti, ndipo pa chimenecho ndimathokoza Mulungu. Koma ndikakumbukira tsiku lija ndimanyada kwambiri. Atate sadapeke nthano ija kuti adzipulumutse, ankangofuna kuti ana awo asakule ngati zinyama chifukwa chakuti dziko lidapenga.

Jowakina tsopano nayenso ali ndi imvi, amagulitsa matimati pamsika wa ku Chifunde. Mukamufunsa kumene kwakhala akuluakulu akutiakuti, amakusonyezani ndi mlomo, manja atawaika kumbuyo. Anzake pamsikapo amamuseka kuti ndi wachikale. Ine sindiseka nawo, chifukwa chala chobisikacho chidatisungira atate zaka zina makumi atatu.