Sowo Yozima Yokha ya ku Chakari

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndinkadula mitengo m'thengo la pakati pa Hartley ndi Chakari. Hartley ndiye Chegutu wa lero, ndipo Kadoma tinkati Gatooma. Mzungu amene tinkamugwirira ntchito ankagulitsa mitengo ya tsanya ku migodi, ina yochirikizira m'mauna, ina ya nkhuni. Ambirife tinali a ku Nyasalande, ndipo tinkadula ndi nkhwangwa mpaka chaka chimene anabweretsa sowo ya injini.

Inali sowo ya anthu awiri, yolemera ngati mwana wa ng'ombe. Ine ndinkagwira kuinjini. Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, ankagwira kunsonga. Anali munthu wofatsa, wadzitho, wosakonda kulankhula pantchito.

Sowoyo inali ndi matenda amodzi. Ukaipatsa moto inkadya mtengo bwinobwino, koma ukangochotsa chala kuti izilira pang'onopang'ono, inkatsokomola n'kuzima. Ndiye uzikoka chingwe mpaka phewa kuphwanya. Mtengo uliwonse zinali zomwezo.

Kapitawo wathu anali wa kwathu komwe, koma potikalipira ankasankha Chilapalapa, chilankhulo cha m'migodi, kuti azimveka ngati mzungu. Chikoti cha chikopa cha mvuu sichinkachoka m'manja mwake.

M'mawa wina wa mu Okutobala sowo inazima titangogwetsa mtengo woyamba. Ndinakhala pansi n'kumasula pulagi. Inali yakuda bii, ndipo ndinaipala ndi mpeni. Sefa ya mpweya inali itatsekeka ndi utuchi, ndinaitsuka m'petulo. Kapaipi ka mafuta ndinakayamwa mpaka petulo kundilowa kukhosi. Nditakoka chingwe inalira. Nditachotsa chala, zii.

Chikoti chinatera pamsana panga ndisanamve n'komwe kuti pafika munthu.

"Faka moto!" anakuwa kapitawo, kutanthauza kuti tiilize sowoyo. "Mukuchedwetsa ntchito dala, agalu inu!"

"Akapitawo, ndayesa zonse. Mwina vuto lili m'kabureta. Ipite kwa makaniko ku Gatooma."

Chachiwiri chinandipeza kukhutu. Ndinamva magazi ofunda akutsikira m'khosi.

"Asiyeni alamu angawa," anatero alamu anga motsitsa mawu. "Odwala ndi makinawa."

Kapitawo anawamenya mbama yoti chipewa chinakagwera kutali. Kenako ananditsomphola mpeni, n'kulowetsa nsonga yake pa kabawuti ka pambali pa kabureta. Anakapotokola, n'kupotokolanso. Nditakoka chingwe, sowo inalira mokweza ndipo sinazime. Koma tcheni chake chodulira chinkangoyenda chokha, ine osakhudza moto.

"Yachira," anatero. "Nyamulani."

Tinadula tsanya wamkulu, nagwa bwino. Tinanyamula sowo ikulira kupita pa mtengo wina, chifukwa palibe amene akanayerekeza kuizimitsa kapitawo akuyang'ana. Alamu anali kutsogolo, akuyenda chafutambuyo. Chidendene chawo chinakodwa pa chitsa. Anagwa chagada, chogwirira chinawapulumuka, ndipo nsonga ya sowo inatsikira pa ntchafu yawo.

Phokoso linasintha. Ndinaona nsanza za buluku ndi nyama zikuuluka pamodzi ndi utuchi. Ndinazula waya wa pulagi ndi dzanja, magetsi anandigwedeza mpaka m'mano, injini n'kusiya. Alamu sanakuwe. Anangotsegula pakamwa, akuyang'ana fupa lawo loyera. Magazi ankatumphuka ngati madzi a pa paipi yoboola.

Ndinavula lamba n'kumanga pamwamba pa balalo. Mnzathu wina analowetsa kamtengo m'lambamo n'kumapotokola mpaka magazi anachepa. Apo m'pamene kapitawo anafika. Sanayang'ane munthu.

"Chotsani sowoyo m'mchenga! Mukufuna tcheni chife?"

Pafupi nane panali mpini wa nkhwangwa. Ndinamumenya nawo pachibwano, ndipo ndinamva chikuthyoka ngati nthambi youma. Atagwa ndinamukhalira pachifuwa n'kumamusinja nkhonya kumaso, mano ake akunding'amba zala. Ankayesa kulankhula, tsopano m'Chinyanja chathu, koma m'kamwa munkangotuluka thovu lofiira. Anzanga anachita kundikoka miyendo.

Mzungu anabwera ndi lole. Alamu ndi kapitawo anawagoneka limodzi pamwamba pa mitengo, ulendo wa kuchipatala ku Gatooma. Ine alonda a pa komboni anandimangirira pa gudumu la ngolo, dzuwa lili pamutu, n'kundikwapula mosinthana ndi chikoti cha kapitawo chomwecho. Pamene ndinatsitsimuka ntchentche zinali zitadzaza pamsana, ndipo bulangete langa anali ataliponya kunja kwa mpanda.

Ndinayenda wapansi mpaka ku Hartley, komwe achemwali anga ankachapa zovala panyumba ya azungu ena. Uthenga unali utafika kale. Sanalire ine ndikuona. Anandigoneka chafufumimba, n'kunditsuka mabala ndi madzi amchere.

Mwendo wa alamu anaudula pamwamba pa bondo. Kapitawo anachira, chibwano chitapotoka, nabwerera pa ukapitawo wake. Ine ndinadzalowa ntchito yonyamula mabelo a thonje ku Gatooma. Alamu anaphunzira kusoka nsapato, ndipo anakalambira ku Pfupajena, komboni ya ku Hartley, akugwira ntchito imeneyo.

Tsiku loyamba kukawaona m'chipatala ndinalowa ndikuyenda mowerama, malaya akumata pa zilonda. Anali ataonda, maso atalowa. Ndinakhala pambali pa bedi. Iwo anandiyang'ana khutu lotupa lija nthawi yaitali.

"Alamu," anatero, "tandikandani kuphaziko. Kukuyabwa kuyambira dzulo."

Analoza pamene bulangete linali lathyathyathya. Ndinayang'ana achemwali anga, amene anali pomwepo, iwo n'kugwedeza mutu kuti chita. Ndinaika dzanja pa bulangetepo n'kuyamba kukanda.

"Chakumunsi pang'ono," anatero alamu, atatseka maso.