Mayi Tulukani ndi Webusaiti Yoiwala Anthu

Ku ofesi ankamutchula Mayi Tulukani, ndipo dzinalo linamukhala ngati lobadwa nalo. Linachokera pa batani lotulukira pa webusaiti, limene iye ankaliika lalikulu, lofiira, pamwamba pa tsamba lililonse limene wapanga. Anzake akamuseka ankangoti, "Sekani, mano ndi anu."

Khalidweli sanalitole kusukulu. Ali mtsikana ankagwira ntchito pa kafe ya intaneti, kachipinda kotentha ka makompyuta okalamba, ndipo ntchito yake yeniyeni inali kutseka zimene anthu asiya zotsegula. Munthu ankadzuka nthawi yake ikatha, wina n'kukhalapo mpando usanazizire, n'kupeza zinsinsi za mnzake zili pambalambanda. Anaona mabanja akugwedezeka chifukwa cha zimenezi. Makasitomala akachepa ankadziphunzitsa kulemba mapulogalamu pa makompyuta omwewo, mpaka kakampani kena kopanga mawebusaiti kanamulemba ntchito.

Chimene chinadzamuyambanitsa ndi bwana wake chinali webusaiti ya bungwe lina lothandiza amayi ozunzidwa m'banja. Mayi wozunzidwayo ankalowa ndi pasiwedi, n'kulembera alangizi zinthu zimene sakanauza ngakhale mayi ake omubala.

Tsono seva, kompyuta yaikulu imene webusaiti imakhalamo, siidziwa nkhope ya munthu. Ukalowa imakutsegulira seshoni, kutanthauza kuti imasunga kwa iyo kuti ndiwe yani, n'kusiya m'foni mwako kachizindikiro kotchedwa kuki. Zili ngati kanambala kamene amakupatsa pakhomo la shopu ukasiya chikwama: wobweretsa kanambalako ndiye amatenga chikwamacho, kaya ndi mwini wake kaya ndi mbala. Mayi Tulukani anakonza zoti munthu akangokhala mphindi zochepa osakhudza foni, seshoni izifa yokha, kuki isanduke chinyalala, pafoni patsale tsamba lopanda dzina lofunsa pasiwedi basi.

Bwana anamuitana m'mawa wina. Tisamunamizire, sanali munthu woipa.

"Amayi a pa webusaiti ija akudandaula," anatero bwanayo. "Akangotembenuka kukaona mwana, pobwera apeza yawatulutsa. Ena aiwala pasiwedi, agwa ulesi, sabweranso. Ikani kuki yokhala mwezi wathunthu. Mawebusaiti onse amatero."

"Bwana, foni ya mayi wa pabanja ndi ya ndani?"

"Ndi yake, nanga ingakhale ya ndani?"

"Ndi yake pogula. Ikafika kunyumba, bambo aitenga kuti aimbire mnzawo, eti awo mayunitsi atha. Mwana aseweretsa. Apongozi aonera zithunzi. Ndiye ine ndiike kuki ya mwezi, bambo atsegule, seva iwalandire ndi manja awiri ngati akazi awo? Ayi, zimenezo manja angawa sangachite."

"Nanga amene asiya kubwerawo mwawathandiza chiyani?"

Funsolo linamubaya, chifukwa linali loona. Anabwerera pa desiki yake mutu uli pansi. Anakonza zoti uthenga wosamaliza uzisungidwa pa seva kuti mayi akalowanso aupeze pomwe anausiyira. Anafewetsa njira yopezera pasiwedi ina. Koma za kuki ya mwezi anakana kwamtuwagalu.

A bungwe anapitiriza kuimba foni, bwana naye mtima unakwera. "Mawa ndikapeza simunasinthe, ntchitoyi ndipatsa wina. Inu mukapume kunyumba."

"Ndikapuma, bwana. Ndinatopanso kale."

Pakamwa panali polimba choncho, koma potsika masitepe anadziwa kuti ntchito yamuthera. Kunyumba kunali ana oyang'ana iye yekha. Anakhala masiku akusesa nyumba yosesasesa kale, akudzifunsa ngati sikunali kuuma mutu chabe. Mnzake wa desiki yoyandikana anamuuza pafoni kuti amene anapatsidwa ntchitoyo wamaliza, kuki ya mwezi iyamba kugwira Lolemba.

Lachisanu masana wina anagogoda. Anali achemwali ake aakulu, chikwama kumutu, ana kumbuyo. Awa ndi aja ukawafunsa za kunyumba ankayankha kuti "tili bwino" usanamalize funso. Amuna awo anali munthu wanthabwala, wokondedwa pa maukwati onse a pachibale.

"Ndachokako, mng'ono wanga," anatero atakhala pansi. Anakweza mkono wa bulauzi, ndipo Mayi Tulukani anaona zipsera, zakale ndi zatsopano. Anachita manyazi ndi mkwiyo nthawi imodzi, kuti iye wodziwa kuteteza amayi osawadziwa sanaone za m'bale wake.

"Pali alangizi ena amene ndimawalembera pafoni," anapitiriza achemwaliwo. "Ndi amene andithandiza kukonza zochoka. Dzana ndinali pakati polemba tsiku ndi kumene ndikupita, mwana wagwa panja. Ndathamangira kumeneko, foni ndaisiya patebulo yosatseka. Pobwera, alamu ako aigwira m'manja. Ndinati basi, lero ndafa."

"Ndiye?"

"Ndiye kawebusaiti ka alangizi kaja kanali katanditulutsa kale! Kangowafunsa pasiwedi. Ndinati ndi za kusukulu kwa mwana, iwo n'kuiponya pampando." Anaseka misozi ili mbwembwembwe. "Kachinthu kaja kanditopetsa miyezi yonseyi. Tsiku ndi tsiku pasiwedi, pasiwedi. Ndinkatukwana ine, ndimati amene anakapanga alibe nzeru."

Mayi Tulukani anayang'ana ana a achemwali ake, amene anali atayamba kale kukanganirana mpando ndi ake. Kenako anaganiza za Lolemba, ndi matebulo ena onse amene pali foni yosatseka. Bwana anali atamutsekera khomo, koma ofesi ya bungwe ankaidziwa pamene ili, ndipo kumeneko kunali alangizi amene anaonapo zipsera ngati izi. Anavala nsapato.

"Ukupita kuti, ine ndangofika kumene?"

"Kukakangana, achemwali. Wopanda nzeru uja ndine, ndipo ku ntchito kwathu akufuna kuikapo wanzeru." Anatenga chikwama chake, n'kuima pakhomo. "Khomani chitseko. Wina akagogoda, ngakhale akhale wanthabwala bwanji, musatsegule."